Step Up 2 inaposadi yoyamba ija? Yang'anani kaye mapazi musanatsutsane

Mkangano wa Step Up 2: The Streets sutha. Filimuyi inatuluka mu February 2008, koma mpaka lero ikangoikidwa pa TV ya mu saluni ku Yeoville, kapena m'chipinda cha anyamata ku Mayfair Lamlungu masana, anthu amagawikana pawiri nthawi yomweyo. Ena amati yoyamba ija ya 2006 ndiye inali filimu, iyi ndi magule ongolumikiza opanda mutu. Ena amati yoyambayo inali ya chikondi chabe, kuvina kwenikweni kunayambira pa yachiwiri. Onsewa akunena zoona, kungoti maso awo sali pamodzi. Wina akutsatira nkhani, mnzake akutsatira mapazi.

A gulu la nkhani tisawanyoze, mfundo ali nayo. Mu filimu yoyamba, imene anatsogolera Anne Fletcher, Tyler Gage, amene ndi Channing Tatum, akuphwanya zinthu pa sukulu ya zaluso ku Baltimore, khoti n'kumulamula kuti agwire ntchito yaulere maola 200 pa sukulu pomwepo. Akukolopakolopa akukumana ndi Nora, amene akusowa wovina naye. Nkhaniyo ili ndi kulemera kwake, mpaka kamnyamata kena, Skinny, mng'ono wa mnzake wa Tyler, kakuwomberedwa n'kufa. Munthu umadzuka pampando uli ndi kanthu pamtima. Yachiwiri ndi ya Andie, mtsikana woti mayi ake anamwalira, amene womusunga akuopseza kumutumiza kwa azakhali ake ku Texas. Akulowa sukulu yomwe ija, gulu lake la mumsewu la 410 likumuchotsa chifukwa chojomba ku mapulakatisi, ndiye iye ndi Chase, mnyamata wovina wa pa sukulupo, akusonkhanitsa ana a sukulu amene anzawo sawawerengera n'kupanga gulu lawo. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo, ndipo ukaonera mphindi 20 zoyamba wadziwa kale kumene ikathere. Tatum akungoonekera pang'ono koyambirira, akuvina pa matrampolini mu kalabu, n'kutsanzika. Amene anabwera kudzaona kuti Tyler ndi Nora zinawathera bwanji anamva ngati awapusitsa.

Koma kupepuka kwa nkhaniko si ngozi. Filimu ya gule ikachita bwino, eni ndalama amadziwa kuti chimene chikugulitsa ndi dzina ndi magule. Wosewera wamkulu amakhala wakwera mtengo kapena wapita kwina, ndiye amabweretsa nkhope zatsopano, ndalama n'kuzitsanulira pa opeka masitepe, pa masabata okonzekera ndi pa nyimbo. Step Up 2 inali filimu yaikulu yoyamba ya Jon M. Chu, yemwe uja anadzapanga Crazy Rich Asians mu 2018 ndi Wicked mu 2024, ndipo masitepe anapeka ndi Jamal Sims, Hi-Hat ndi Dave Scott. Olemba ndemanga m'nyuzipepala za ku America sanaiyamikire kwenikweni, monganso sanayamikire yoyamba ija. Anthu wamba anayankha ndi matumba awo: yoyamba inapeza madola pafupifupi 114 miliyoni padziko lonse, yachiwiri pafupifupi 150 miliyoni. Ndalama si umboni woti filimu ndi yabwino, koma zikusonyeza kuti a gulu la mapazi sali ochepa.

Tsono tikati gule wa mu filimu ndi wabwino tikutanthauza chiyani? Apa m'pamene ambiri amangokuwa kuti "eee koma anavina!" osatha kufotokoza. Njira yoyesera ilipo, ndipo imafuna foni basi.

Ovina amawerenga mabiti, ndiko kuti kugunda kwa nyimbo, m'magulu a asanu ndi atatu. N'chifukwa chake asanayambe mumamva "faifi, sikisi, seveni, eyiti". Eyiti imodzi ndiyo muyeso wa masitepe. Sankhani malo amene akuvina, tsekani mawu onse, muwerenge kuti chithunzi chikudulidwa kangati, ndiko kuti kamera ikudumpha kangati kuchoka mbali ina kupita ina. Ngati eyiti yathunthu ikudutsa, kapena ziwiri, mukumuona munthu kuyambira kumutu mpaka kunsapato popanda kudula, ameneyo akuvinadi, palibe pobisala. Ngati chithunzi chikusintha pa mabiti awiri alionse, kuno nkhope, uko chiuno, uko anthu akukuwa, dziwani kuti amene akuvina kwambiri ndi wolumikiza zithunzi pa kompyuta. Chenjerani makamaka pa kudumpha. Munthu akunyamuka, chithunzi n'kudulidwa ali m'malere, kenako mukumuona watera bwinobwino. Kawirikawiri kunyamukako n'kwa ulendo wina wojambula, kuterako n'kwa ulendo winanso, chifukwa pa ulendo woyamba anatera molakwika. Ndipo sitepe yovuta ikajambulidwa chakumbuyo, kapena nkhope itaphimbidwa ndi chipewa kapena tsitsi, mwina amene akuichita si wosewera uja koma katswiri womuimira.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Fred Astaire, katswiri wovina wa m'mafilimu a ku America, m'zaka za m'ma 1930, ankaumirira kuti azimujambula thupi lonse ndipo asamaduledule. Chu amaidziwa bwino mbiriyi. Mu Step Up 3D ya 2010 muli malo amene Moose, mmodzi wa gulu la Andie lija, ndi mnzake Camille akuvina mumsewu wa ku New York pa nyimbo yakale ya Astaire yemweyo, kamera ikungowatsatira osadula. Ameneyo ndiye muyeso wabwino woyezera magule ena onse a mafilimu amenewa.

Mukaiyesa chonchi Step Up 2, mupeza kuti si paliponse pamene ikupambana. Gule woyamba wa mu sitima ya pansi pa nthaka, pamene a 410 avala zophimba nkhope n'kudzidzimutsa okwera, amasangalatsa, koma malo ndi opanikiza, kamera ili pafupi kwambiri, ndipo zambiri mukuona ndi zidutswa. Pamene filimuyi ikuposa yoyamba ndi pa anthu amene inasankha. Briana Evigan, amene akusewera Andie, ndi Robert Hoffman, amene akusewera Chase, ndi ovina enieni. Hoffman anali kale mu You Got Served ya 2004. Ndiye pali Adam Sevani, Moose uja, kamnyamata koonda ka tsitsi lopotana kamene palibe ankakaganizira. Mapazi ake ndi opepuka, amafika pa biti nthawi yake ngati sakuchita khama. Anthu anamukonda kwambiri moti anadzabwereranso m'mafilimu otsatira mpaka Step Up All In ya 2014, pamene Chase sanaonekenso. Ngati mukufuna chitsanzo cha maganizo a oonera akusintha filimu, n'chimenecho.

Za gule wa pamvula wa kumapeto uja, pamene gulu la Andie likupikisana ndi 410, tikhalepo pang'ono, chifukwa ndiye amene aliyense amatchula, ngakhale amene amati filimuyi ilibe nkhani.

Choyamba, mvulayo ndi ya mapaipi. Madzi ogwa saoneka bwino pa kamera ngati kuwala kukuchokera kutsogolo. Amaika magetsi kumbuyo kapena chammbali kuti dontho lililonse liwale. N'chifukwa chake malowo ndi a usiku, kumbuyo kuli mdima, ovina n'kumaoneka ngati azunguliridwa ndi kuwala. Chachiwiri, madziwo akugwira ntchito imene ambiri saizindikira: akuonetsa biti. Phazi likamenya pansi pouma umangomva phokoso. Likamenya pamadzi, madziwo amathovoka, ndiye diso limaona kumenyako. Anthu khumi akaponda nthawi imodzi, madzi n'kudumpha nthawi imodzi, umodzi wawo umaoneka kuposa mmene ukanaonekera pouma. Mkono ukakhapa m'mwamba umasiya mzere wa madontho. Sitepe wamba imaoneka yaikulu. Koma madzi omwewo amaulula wochedwa, pakuti ake amathovoka payekha anzake atatha.

Kwa wovina, kuvina pamadzi ndi chintchito. Zovala zikanyowa zimalemera n'kumamatira m'mawondo, nsapato zimadzaza madzi, kuzungulira pa phazi limodzi kumakhala kosadalirika, ndipo thupi limazizira pakati pa maulendo ojambula, minofu n'kuuma, apo m'pamene anthu amabinya akakolo. Onaninso kuti opeka masitepe anadziwa zimenezi. Gule ameneyo wadzaza kuponda, kugwa pansi, kutsetsereka ndi kugwedeza chifuwa, zinthu zimene madzi amathandizira. Masitepe othina ofuna kuti phazi ligwire pansi mwachangu ndi ochepa. Amene amati madzi akubisa zina sakunama. Kwa ine, gule ameneyu akuyenera kutchuka kwake, koma theka la ulemuwo lipite kwa oyatsa magetsi.

Kuno ku Joni kuli diso lina limene limapangitsa mkanganowu kukoma. Munthu amene wakhala akuonera pantsula ku Alexandra, ku Katlehong kapena ku Soweto amayamba kuyang'ana pansi. Pantsula ndi gule wa mapazi othamanga, thupi lowerama pang'ono, nsapato za All Star zikusesa pansi, ndipo gulu ngati Via Katlehong, limene linayamba mu 1992, lazungulira naye maiko akunja. Woleredwa ndi diso limenelo akaonera Step Up 2 amadandaula kuti kamera yakonda chifuwa ndi nkhope, mapazi ikuwadula. Ife ochokera kumudzi tili ndi diso lathunso. Amene anakulira pa chioda kapena chisamba amayang'ana chiuno. Wa beni, malipenga kapena mganda amayang'ana mzere: kodi atembenuka onse pamodzi, kodi mpata pakati pawo ndi wofanana? Wa Gule Wamkulu amafuna fumbi ndi mphamvu ya miyendo, ndiponso kuti wovina azimvana ndi ng'oma, osati kungotsatira nyimbo yojambulidwa kale. Anthu anayi otere akakhala pa sofa imodzi, aliyense atuluka ndi chigamulo chake, ndipo palibe wamisala pakati pawo. A mzere nthawi zambiri ndi amene amaikonda kwambiri filimuyi, chifukwa magule ake ndi a gulu, pamene yoyamba ija inali ya anthu awiri.

South Africa inayesapo zake. Hear Me Move ya 2015, ya Scottnes Smith, masitepe ake atapekedwa ndi Paul Modjadji, inaika pantsula ndi sbujwa, gule winanso wa mumsewu wa kuno, pa sikirini yaikulu, nkhani yake ili mu Johannesburg momwe muno. Honey 3 ya 2016 inajambulidwa ku Cape Town, koma otsogola ndi a ku America ndipo nkhani yake ndi Romeo ndi Juliet wovinidwa mwa hip-hop. Imeneyo ndi nthenda ina ya mafilimu otsatira: nkhani ikawathera amangosintha mzinda. Step Up nayo inachoka ku Baltimore kupita ku New York, kenako Miami mu 2012, kenako Las Vegas. Mzinda umasintha, koma ukayang'anitsitsa mafupa a nkhani ndi omwe aja: gulu lonyozeka, kusamvana pakati, mpikisano kumapeto.

Mapeto a mpikisanowo ndi pamene filimu imanama kwambiri. Mu filimu wopambana analembedwa kale papepala, ndipo anthu okuwa aja analipidwa kuti akuwe. Gulu la 410 silinavine moipa ayi, kungoti kamera ndi mvula anazisungira a Andie. Yerekezani ndi Red Bull Dance Your Style, imene mpikisano wake womaliza wa dziko lonse unachitikira ku Montecasino kuno mu December 2022. Kumeneko ovina awiri amapikisana, DJ amaika nyimbo imene iwo sakuidziwiratu, ndipo oweruza ndi oonera eni ake, pokweza chofiira kapena chabuluu. Palibe kudula chithunzi, palibe kubwereza. Amene anazolowera zoterozo mapeto a Step Up 2 amawaona ngati chionetsero chokongola, osati mpikisano.

Pali chinanso chimene chimasokoneza maganizo a anthu, ndipo sichikhudza filimu n'komwe: mwaonera pa chiyani? Amene anaionera ku sinema ya Ster-Kinekor, mabesi akugunda pachifuwa, ndi amene anaionera pa foni yosweka galasi mu tekisi yopita ku Rosettenville, sanaone filimu imodzi. Mukatsitsa chithunzi kufika pa 144p kapena 240p kuti bandulo isathe msanga, chinthu choyamba kuwonongeka ndi chimene chikuyenda mwachangu, ndiye mapazi ndi madontho aja amasanduka phala. Gule wa pamvula amafuna 480p, ndipo 720p ndiye bwino. Sipika ya Bluetooth nayo ili ndi vuto lake, mawu amatha kuchedwa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Zikuoneka zochepa, koma nyimbo ngati Low ya Flo Rida ndi T-Pain, imene ili mu filimuyi, imagunda mabiti 128 pa mphindi, kutanthauza kuti biti imodzi sikwana theka la sekondi. Kuchedwa kumeneko n'pafupifupi theka la biti. Ovina akatswiri amaoneka ngati akutsogola nyimbo, inu n'kumati sadziwa kuvina. Musanagamule, lumikizani ndi waya kapena mumvetsere pa foni pomwepo.

Ndiye pali gulu lachitatu, limene silitsutsana ndi aliyense, limangofuna kuba masitepe. Awa ndi operekeza ukwati, amene Loweruka lililonse masana amakumana pa galaja ya munthu ku Turffontein kukonzekera zolowera mu holo. Kwa iwo yachiwiri ndi yabwino chifukwa muli magule a gulu otengeka. Apa zolakwika zimakhala zomwezomwezo, ndiye tiyeni tizitchule.

Yambani ndi nyimbo yanu, osati filimu. Werengani mabiti pa masekondi 15, muchulukitse kanayi. Amapiano ambiri amagwera cha pa 112. Pa liwiro limenelo mphindi imodzi ili ndi maeyiti 14, ndiye kulowa kwa mphindi zitatu ndi maeyiti 42. Palibe operekeza amene angaloweze maeyiti 42 osiyanasiyana pa Loweruka zinayi, makamaka poti wina amaweruka mochedwa, wina ali pa shifiti. Tengani maeyiti asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, muziwabwereza, pakati pake muziika sitepe yongoyenda imene aliyense angapumirepo. Sitepe imene inapekedwa pa nyimbo ya 128 mukaiika pa 112 imatsala ndi mpata, anthu amamaliza msanga n'kuima ngati aiwala. Mpatawo mutseke ndi kugwedeza mapewa kapena kuviika mawondo, apo ayi sankhani sitepe ina.

Pophunzira, chepetsani liwiro la kanema kufika pa theka, pa YouTube ndi pa VLC zimatheka. Phunzirani mapazi okha kaye, manja ali m'chiuno, manja adzabwere mapazi atakhazikika. Kumbukirani kuti wovina amene wakuyang'anani pa sikirini, dzanja lake lamanja lili kumanzere kwanu. Gulu likapanda kugwirizana pa zimenezi tsiku loyamba, theka limatembenukira uku, theka uko, ndipo chimenechi chikakhazikika m'thupi n'chovuta kuchichotsa. Gwirizanani kuti mukutsatira ngati pagalasi, kapena imikani foni moyang'anizana ndi galasi muzionera m'galasimo.

Kaimidwe ka mu filimu kanapangidwira kamera imene ili mbali imodzi, pabwalo lotakata. Mu holo alendo ali mbali zonse ziwiri, ndipo njira ya pakati pa matebulo mwina ndi mamita awiri okha. Munthu mmodzi atatambasula manja amadya pafupifupi mita ndi theka kapena kuposa. Kaimidwe kotambalala kaja sikangalowemo. Yendani awiriawiri, masitepe a manja aziloza m'mwamba ndi kutsogolo osati m'mbali, ndipo amene amagwira biti bwino akhale kutsogolo ndi wina pakati, kuti akumbuyo akhale ndi womuonera. Pitani mukaione holoyo, muyeze ndi mapazi, mukajambule malire omwewo ndi choko pamene mukukonzekera.

Zodumpha chagada, zozungulira pamutu ndi zogwa ndi mawondo zisiyeni. Mu filimu amazichita anthu amene aziphunzira zaka, ndipo akalakwa amabwereza. Inu muli pa matayilosi, mwavala suti yothina ndi nsapato zatsopano. Nsapato zatsopano za pansi posalala zimaterera; zipaleni ndi sandipepa kapena muzikhwekhwereze pa simenti, ndipo pulakatisi yomaliza muvale zomwezo, atsikana ndi nsapato zawo za zidendene zazitali zomwe, madiresi atawayeza kutalika. Funsaninso a MC kuti gule wanu wamkulu abwere perekaniperekani asanayambe, kapena osonkhanitsa ndalama ayambe atola zonse, chifukwa pepala la R20 lili pa tayilosi limatsetsereka pansi pa nsapato, ndipo makobidi ndiye oopsa kuposa apo. Nyimboyo mupatseni DJ pa fulashi, yodulidwa kale mmene mwakonzekerera, ndipo aiyese pa masipika a mu holo alendo asanafike, kuti mumve ngati "faifi, sikisi" ya wotsogolera ikumveka kwa amene ali kumapeto kwa mzere.